Mpatuliro woyenda

Poti kavidiyo kaja ka ine ndikuyimba lute pa konsati mwatumizirana kale pa WhatsApp, bola mumve kwa mwiniwakene. Inde, amene akunjenjemeretsa chala ngati wagwidwa ndi malungo uja ndine. Koma musanayambe zanu zija, imvani kaye.

Nyimbo za lute, chida chakale chansambo chonga gitala, sazilemba ngati za piyano. Pamakhala mizere 6 ndi zilembo: a ndiye kuti nsambo ingoikhwatcha osaipana, b ugwire fureti yoyamba (mafureti ndi timizere topingasa pakhosi pa chidacho), c yachiwiri, kumangopita choncho. Kumanja kwa chilembo kukakhala kampatuliro, pamenepo ukometsere, kaya kutsetsereka kuchokera pa noti yapamwamba kaya kugwedeza chala kangapo, zimene amati trill. Kangati, kampatuliroko sikanena. Uziona wekha.

Aphunzitsi anga anandisankhira sarabande, nyimbo yovina yoyenda pang'onopang'ono, ya Sylvius Leopold Weiss, uja ankayimba lute kunyumba yachifumu ku Dresden ku Germany mpaka kumwalira mu 1750. Atatero anapita kutchuthi. Ine pofuna kupulumutsa ndalama, pepalalo ndinakapanga fotokope kuntchito, pamakina amene galasi lake sanalipukutepo chiwagulire. Tizinyalala tonse tinatuluka ngati timipatuliro. Masabata 3 athunthu, achimwene, ndinkayeserera fumbi. Ndinkadabwa ndithu kuti kodi mkuluyu analibe chifundo ndi zala za anzake, koma ndine ndani kuti nditsutsane ndi Weiss?

Tsiku la konsati ya ophunzira linafika, m'katchalitchi kozizira ku Leeds. Lute yobwereka, ya nsambo 24. Johann Mattheson, wolemba za nyimbo wa ku Germany, anaseka mu 1713 kuti woyimba lute wa zaka 80 amakhala atatha zaka 60 akungotchuna. Ine zanga 60 ndinathera pomwepo, anthu akutsokomola.

Tsono sarabande ili ndi zigawo ziwiri, chilichonse umachibwereza. Aphunzitsi anandikhomerera kuti ulendo wachiwiri usamangobwereza ngati mwana wa sitandade 1, uziwonjezera zokometsera zako. Vuto linali loti ulendo woyamba ndinali nditathira kale mchere wonse wa m'nyumba. Pobwereza ndinayamba kuyika trill pamwamba pa trill. Nyimbo yoyenera kuyenda mwaulemu ngati agogo popita kumgonero inkamveka ngati minibasi pamsewu wa mabampu.

Ndili pakati pa chigawo chachiwiri, ndinaona kampatuliro kena pa c, kamene sindinakaonepo. Ndinagwedeza chala. Kampatuliro kaja kanasuntha n'kukakhala pa d. Munthu wanzeru akanadziwa pomwepo kuti zolembedwa zaka 300 zapitazo siziyenda. Koma chala chinali chitazolowera kumvera, ndiye ndinagwedezanso pa d. Kanatsikira mzere wachitatu, ine pambuyo. Kanaima n'kuyamba kutikita timanja take ngati wamalonda woti wapeza kasitomala wopusa, ine ndili pa noti yomweyo, kugwedeza, kugwedeza, kudikira kuti bwana anyamuke. Chala chinachita dzanzi. Thukuta linatsika mpaka m'sokosi. Tinayang'anizana maso ndi maso, ndipo ndikulumbira, kanandiyang'ana ngati kondakitala wa kwaya.

Kenako kanayenda monyada mpaka pa timadontho tiwiri tosonyeza kuti ubwereze chigawo, kanakhala pomwepo. Ine, munthu womvera, ndinabwereza kachitatu.

Kanauluka ndisanafike kumapeto, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti sindikudziwa pamene ndili. Ndinangosiya. M'tchalitchi munali zii. Amene anandipulumutsa, kapena kundimaliziratu, ndi mayi a kunyumba, amene anayimba nthungululu kuchokera pa benchi lakumbuyo. Azungu anadzidzimuka n'kuyamba kuwomba m'manja, mwina mwa mantha.

Ndinenepo apa kuti akatswiri enieni amatsutsana mpaka lero za timipatuliro timeneti, wina akuti noti imodzi, wina akuti trill yonse. Ine ndinangosankha mbali, basi. Ndipo kuwerenga pepala ndinawerenga molondola. Cholakwa chinali pepalalo.

Pa tiyi aphunzitsi anandikokera pambali. Nyimbo zambiri za Weiss zili m'mabuku awiri olemba pamanja, lina ku British Library ku London, lina ku Dresden, ndipo nthawi zina zimasiyana pang'ono. Anandifunsa mwaulemu kwambiri kuti zokometsera zonsezo ndinazitenga m'buku liti.

Ndinati la Dresden.

Akuti ndibweretse pepalalo Lachiwiri. Galasi lija sanalipukutebe.