Kuthokoza kwa onse amene anatithandiza kukonza khoma la nyumba yathu

M'malo mwa banja lathu kuno ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, ndikuthokoza abale, anansi ndi akumpingo amene munatigwira dzanja kuyambira mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anawononga nyumba yathu. Ndadikira dala kuti dzinja lonse lidutse ndisanalembe, ndipo lero ndikunena mosangalala kuti khoma lija silinalowenso madzi.

Nyumbayo sinagwe, ndipo pa ichi timayamika Mulungu, podziwa kuti ambiri m'chigawo chakummwera anataya katundu ndi okondedwa awo. Komabe mvula imene inagwa masiku angapo osakata inanyowetsa khoma loyang'ana kuphiri, pulasitala anafufuma n'kumagwa zibenthuzibenthu, ndipo tikakanda ndi chala pakati pa njerwa, dothi lomangira linkayoyoka ngati ufa.

Chimene chinatisowetsa tulo chinali kusankha chokutira kunja kwa khomalo. Ena anati tikhome malata kuti ntchito ithe msanga, ena anati matabwa a paini amapezeka pafupi ndipo amakongoletsa nyumba. Ine mtima unali pa malata, chifukwa ndinkaopa kuti mvula ina itipeza tili pambalambanda. Apa ndi pamene ndikuthokoza mwapadera bambo amene anatigwirira ntchitoyi, mmisiri wachikulire amene sanafune kungolandira ndalama n'kuchita zimene ndinkanena. Anatifotokozera modekha kuti malata okhomedwa pakhoma lonyowa amabisa chinyezi mpaka njerwa kufumbutuka osaoneka, komanso amatenthetsa nyumba mwezi wa Okutobala, pomwe matabwa osathiridwa mankhwala ndi chakudya cha chiswe. Anayenda khoma lonse akugogoda ndi hamala, ndipo paliponse pamene pankamveka kuti m'kati muli mphako anagumula osasiya ndi pang'ono pomwe.

Tinagwirizana zopaka pulasitala watsopano khoma litaumitsitsa, posakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso inayi ya mchenga wa kumtsinje wosefa bwino. Iwo anaumiriranso kuti titalikitse denga kuti madzi asamagwere pakhoma, ndiponso timange kakhonde ka simenti m'munsi mwake. Poyamba ndinkaona ngati akungochulutsa ndalama, koma tsopano ndikuona kuti ziwirizi ndi zimene zateteza ntchito yonse.

Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti unakwera ndipo zimene tinasunga zinaperewera. Amayi a banki mkhonde, zikomo pokongoza mayi a kunyumba mosawanyoza ngakhale anachedwa kubweza. Alamu anga aku Matawale, matumba asanu a simenti amene munabweretsa popanda kukupemphani sitidzawaiwala. Achinyamata a kumpingo amene munasefa mchenga Loweruka lathunthu, manja anu tinawaona.

Ndisaiwale anansi athu a kumtunda, amene anatilola kutunga madzi pampopi wawo masiku asanu ndi awiri pamene tinkathirira pulasitala m'mawa ndi madzulo kuti asang'aluke, ndipo atamva zoti tiwalipire anakana kwamtuwagalu. Agogo a kumtundako, tikubwera Lamlungu likubwerali titatuluka m'tchalitchi kudzakuthokozani pamaso.