Mmene ndinaperekera madzi a m'magazi nditachira Covid-19 ku England

Mu 2020 bungwe loona za magazi kuno ku England, NHS Blood and Transplant, linkapempha anthu amene achira Covid-19 kuti apereke madzi a m'magazi awo, aja amati plasma. Maganizo ake anali akuti munthu wochira amakhala ndi ma antibody olimbana ndi kachilomboka, ndiye mwina akawathira mwa wodwala kwambiri angamuthandize. Njirayi ndi yakale. Dokotala wa ku Germany, Emil von Behring, anaigwiritsa ntchito pa matenda a pakhosi otchedwa diphtheria ndi madzi a m'magazi a nyama, ndipo madokotala anaiyesanso pa chimfine chachikulu cha mu 1918.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndinali nditaona anthu akulephera kupuma. Nditachira ndinalembetsa pa intaneti, iwo n'kundiimbira foni. Lamulo linali loti padutse masiku 28 chichirireni. Anandifunsa za mankhwala amene ndimamwa, kulemera kwanga, maulendo anga, komanso za malungo, poti ndinakulira ku Malawi. Funso la malungoli lisakukhumudwitseni, amafunsa aliyense amene anakhalapo kudera la malungo. Amuna ankafunidwa kwambiri chifukwa ambiri ankapezeka ndi ma antibody ochuluka.

Mayi anga nditawauza pafoni anadandaula. "Mwana wanga, wangodzuka kumene pamphasa, magaziwo utsala ndi chiyani?" Ndinawafotokozera kuti magazi enieni ofiirawo amabwerera m'thupi, ndipo madzi otulukawo thupi limawabwezeretsa pa tsiku limodzi kapena awiri.

Tsiku lokapereka plasma muyenera kudya bwino ndi kumwa madzi ambiri. Mukafika amakupatsaninso ena oti mumwe, kenako amabaya chala kuti aone ngati magazi ali okwanira. Mukakhala pampando wotsamira, namwino amalowetsa singano mumtsempha wa pamkono. Apa m'pamene pamasiyana ndi kupereka magazi kwa nthawi zonse. Makina amakoka magazi pang'ono, amawazunguza mwamphamvu mpaka madzi achikasu atapatukana ndi maselo ofiira, madziwo amapita m'thumba, ofiirawo amabwerera kudzera mu singano yomweyo. Amatero mobwerezabwereza kwa mphindi pafupifupi 45. Pamene magazi akubwerera, mkono unkazizira, ndipo milomo yanga inayamba kuchita ngati dzanzi. Chimachititsa ndi mankhwala a citrate oletsa magazi kuundana m'machubu, amene amatsitsa calcium kwa kanthawi. Musapirire mwakachetechete, nenani. Ine nditanena anachepetsa liwiro la makina ndipo zinasiya.

Thumbalo amakaliyeza matenda ena ndi kuchuluka kwa ma antibody, kenako amaliumitsa mufiriji. Langa linapezeka ndi okwanira, moti anandiitananso.

Matumba ngati amenewa ankapita ku kafukufuku, makamaka wa RECOVERY wotsogoleredwa ndi Yunivesite ya Oxford. Odwala ogonekedwa m'chipatala oposa 11,500 anagawidwa mwamaere, ena kulandira plasma, ena ayi. Mu Januwale 2021 gawo limeneli linaimitsidwa. Mbali zonse ziwiri, anthu 24 pa 100 alionse anamwalira pasanathe masiku 28. Nkhaniyi inandipweteka mtima, chifukwa ndinkakhulupirira kuti penapake pali munthu amene akupuma chifukwa cha thumba langa.

Chifukwa chake n'chomveka ndithu. Munthu akafika pofuna okosijeni, nthawi zambiri thupi lake lapanga kale ma antibody akeake, ndipo chomwe chikuwononga mapapo ndi kutupa kobwera chifukwa chitetezo cha m'thupi chalusa mopitirira. N'chifukwa chake dexamethasone, mankhwala otsika mtengo oziziritsa kutupako, ndi amene kafukufuku yemweyo anapeza mu Juni 2020 kuti amapulumutsa odwala kwambiri. Ku Argentina, okalamba amene anapatsidwa plasma yamphamvu pasanathe maola 72 chiyambireni kudwala anathandizika, koma amenewo anali asanafike pothina. Mu Disembala 2021 bungwe la WHO linati plasma isaperekedwe kwa odwala pang'ono, ndipo kwa odwala kwambiri iperekedwe pa kafukufuku pokha.

Sindidandaula kuti ndinapita. Popanda matumba athu, madokotala akanapitiriza kuthira odwala chinthu chosawathandiza, akuganiza kuti chikugwira ntchito.

Kutolera plasma ya Covid-19 kunatha, koma makina aja sanaime. Ku Birmingham, Reading ndi Twickenham akulandirabe plasma yopangira mankhwala a anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi ndi chofooka, ndipo kalembetsedwe ndi kaperekedwe kake n'kofanana ndi kamene ndafotokozaka.