Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Usiku wa Super Bowl ku Arlington

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku Arlington, ku Texas. Ndinali nditangotha miyezi itatu ku America pamene tawuni yonse inatekeseka ndi Super Bowl, ndime yotsiriza ya mpira wawo uja wothamanga nawo m'manja. Chaka chimenecho, 2011, unachitikira pakhomo pathu penipeni, mu Cowboys Stadium, pa 6 February.

Sabata imeneyo kunazizira koopsa. Misewu inkaterera ndi madzi oundana, sukulu zinatsekedwa, ndipo poti ku Arlington kunalibe mabasi, ndinagona kuntchito masiku awiri.

Lamulungu madzulo tinawasonkhanitsa agogo onse m'chipinda cha TV, aliyense pa njinga yake, bulangete m'miyendo. Ankasewera a Green Bay Packers ndi a Pittsburgh Steelers. Agogo ena aakazi, obadwira ku Wisconsin kwawo kwa Packers, anandiuza kuti ndiwaveke juzi yobiriwira. Mpirawo ine sindinkautolera. Ndinkangodikira nthawi yopumulira, chifukwa oyimba anali a Black Eyed Peas.

Gulu limeneli ndinali nalo ndi mbiri. Pa 10 June 2010, mawa lake World Cup ikuyamba, linayimba ku Orlando Stadium ku Soweto. Nthawiyo ndinali ku Johannesburg, ndipo tinaonera pa ka TV kakang'ono Amalawi asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, kuvina mpaka eni nyumba kugogoda. Ndiye pa Super Bowl paja nditawaona oyimba anayi a gululi, will.i.am, Fergie, apl.de.ap ndi Taboo, akutsika kuchokera kudenga la bwalo, zovala zili waliwali ndi magetsi, ndinamva ngati ndakumana ndi munthu wakwathu pamsika wachilendo. Ovina anadzaza bwalo lonse, nawonso akuwala. Slash anatulukira ndi gitala yake, kenako Usher anatsetsereka kuchokera m'mwamba. Ndinali kumbuyo kwa njinga ya agogo aja, mapazi akuyenda okha, misozi ili lengelenge.

Zolakwika zinalipo, sindingabise. Poyambirira maikolofoni ya Fergie sinkamveka, ndipo mawu ndi zing'wenyeng'wenye sizinkagwirizana bwino. Nsanja inayenera kulemba LOVE ndi magetsi, koma mbali ina ya V sinayake. Agogo ena aamuna anakuwa kuti titsitse voliyumu.

Lolemba kunali kunyoza kokhakokha. Pa wailesi, m'manyuzipepala, pa Facebook, ambiri ankati anyamatawa satha kuyimba popanda makina owongolera mawu. Nesi wina anandifotokozera chiyambi chake: chichitikireni nkhani ya chovala cha woyimba Janet Jackson, chomwe chinang'ambika akuyimba pa nthawi yopumulira ya Super Bowl mu 2004, okonza masewerowa ankangoitana akuluakulu odalirika, monga Paul McCartney, Rolling Stones, Prince, Tom Petty, Bruce Springsteen ndi The Who. Anthu anadandaula kuti atopa ndi madala. Atabwera achinyamata, anthu omwewo anati bola madala aja. Ine mpaka lero ndimaona kuti theka la mkwiyo umenewu unali wa makutu ozolowera nyimbo zina, ndipo vuto la zokuzira mawu anawasenzetsa oyimba pomwe silinali lawo okha.

Koma tsiku limenelo sindinanene zimenezi. Pa nthawi ya tiyi anzanga akuseka, mmodzi anandifunsa kuti ndinaziona bwanji. Ndinayankha kuti ndinali wotanganidwa, sindinaonetsetse. Ndinanama. Ndinaopa kuti akandiona ngati wakumudzi wosadziwa nyimbo, ndipo ndinakana chinthu chokhacho chomwe chinandisangalatsa chifikireni m'dzikolo. Zinandiwawa tsiku lonse. Ndinaimbira achemwali anga ku Zomba n'kuwafotokozera, iwo n'kungoti, "Iwe, ukayamba kubisa zomwe umakonda, ubisa ndi dzina lako lomwe."

Usiku ndikuwagoneka agogo a ku Wisconsin aja, anali akadali ndi juzi yawo, poti timu yawo inapambana 31 kwa 25 ndipo anakana kuivula. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti dzulo anandiona m'galasi la windo ndikuvina kumbuyo kwawo. Anati nyimbozo sanazimvetse ngakhale pang'ono, koma akufuna aonenso mapaziwo bwinobwino, chakutsogolo. Ndinatseka chitseko, ndinavula nsapato zantchito, n'kuwavinira pambali pa bedi, ndikuyimba ndekha chapansipansi kuti a chipinda china asadzuke.