Helemeti ndi dzuwa la Okutobala kuno ku Nchalo

Amene simunakhalepo kuno kumunsi kwa Shire mukaona wakabaza wakoleka helemeti pa mahandulo mwina mumangoti ndi kusamva. Ine ndimayendetsa njinga yamoto pa Nchalo, chaka chino ndi chachinayi, ndipo ndikuuzeni abale anga, Okutobala ndi Novembala dzuwa likafika paliwombo kutentha kumadutsa madigiri 40, phula la M1 limachita kunyezimira ngati athirapo madzi, ndiye iwe wavala chimutu chakuda kuyambira m'mawa, thukuta kutsikira m'maso mpaka kuyabwa. Anzanga ambiri pasiteji amavula chifukwa cha chimenechi basi. Ndimawamvetsa ndithu, koma zimandiwawa ndikamawaona.

Chomwe ndinachedwa kuzindikira n'choti helemeti imatentha kwambiri njinga ikaima, osati ikamathamanga. Ukamayenda mphepo imalowa m'timabowo ta pachipumi ndi pachibwano n'kutulukira kumbuyo. Koma pasiteji timatani? Munthu uli phee pansi pa mtengo kudikira kasitomala, helemeti waisiya pampando padzuwa ola lathunthu ikuphikika, kenako kasitomala uyo, watola wavala, mutu uli mu uvuni ulendo usanayambe n'komwe. Masiku ano ndikangoima ndimaitenga kupita nayo pamthunzi, kuigadamitsa kukamwa kuloze kumwamba, galasi lotsegula, kuti thukuta liume ndi mphepo. Kanthu kakang'ono koma kusiyana kwake mungadabwe.

Helemeti yanga ya kale inali yakuda, itatha ndinasunga ndalama n'kugula yoyera, poti chakuda chimamwa dzuwa, izi ngakhale amene anavalapo malaya akuda masana akudziwa. Koma chonde musatenge penti kupaka yanu yakudayo, mapenti ena ndi thina amafooketsa pulasitiki ya kunja ija osaoneka ndi maso. Chimodzimodzi petulo. Mkati mwa helemeti muli chinthu choyera cholimba chija, chonga chomwe amatchingira ma TV mu katoni, ndicho chimaphwanyika m'malo mwa mutu wako ukagwa, ndiye petulo akachikhudza chimasungunuka, n'chifukwa chake sindiika helemeti pa thanki pothira mafuta. Ndipo pali ena amatenthetsa msomali n'kuboola mabowo ati mphepo izilowa, aise, pamenepo waipha helemetiyo. Mabowo amene anabwera nayo ndi okwanira, kungoti amatsekeka ndi fumbi la m'misewu ya m'midzi ndi ya m'minda ya nzimbe, ine ndimawatsuka ndi mswachi wakale Lamlungu lililonse.

Tsopano kansalu. Ndili ndi kansalu kopyapyala ka thonje kamene ndimanyowetsa pamjigo, kufinya bwino kasamachite kudontha, n'kumanga kumutu ngati duku kenako helemeti pamwamba. Madzi aja akamauma ndi mphepo amachoka ndi kutentha, mutu umazizira bwino, ngakhale ulendo wa ku Ngabu ndisanafike kamakhala kauma kale ndiye ndimayenda ndi kabotolo. Kakhale kopyapyala, osati kapu kapena chipewa chaubweya, zimenezo zimapangitsa helemeti kukhala pamwamba ngati yongosanjika, siigwira mutu. Madzi omwewo ndimamwanso pafupipafupi, chifukwa chizungulire cha dzuwa chikakupeza uli pa liwiro ndi munthu kumbuyo si nkhani yabwino.

Makasitomala nawo, makamaka azimayi, ambiri amakana helemeti ati ikununkha thukuta la anthu ena, ena amaopa zipere, ena tsitsi angolukitsa kumene. Sindiwada, akunena zoona. Ena amayamba avala jumbo kumutu, koma jumbo silipuma, pofika kumsika nkhope yonse ili noninoni. Ndiye ndinadula chitenje chakale cha akunyumba tizidutswa tingapo, amandichapira madzulo, kasitomala aliyense ndimamupatsa kake koyera ndimvekere mayi yambani mwamanga aka. Siponji yofewa ya mkati mwa helemeti ndimaichotsa n'kuchapa ndi sopo wamba, kuyanika pamphepo usiku, m'mawa yauma. Ngati yanu siichoka, pukutani ndi kansalu ka sopo, bola musaiyanike pamoto kapena pamalata.

Chomwe chandilembetsa zonsezi ndi lamba wa pachibwano. Kukatentha ndi amene timayamba kumasula, ati akutikanyanga pakhosi, helemeti n'kumangokhala pamutu kuti apolisi apamsewu aone. Mnzanga wina amene tinayambira limodzi ntchitoyi anakumana ndi mbuzi ikudumpha msewu cha ku Dyeratu, masana dzuwa lili ng'aa, sanali kuthamanga kwambiri ayi, koma lamba anali womasula ndiye helemeti inafika pansi payokha iye mutu n'kumenyetsa paphula. Anapulumuka, tithokoze Mulungu, koma anasokedwa ndipo anakhala miyezi osagwira njinga, ana ake kunyumba akuvutika tikuona. Nditakamuona kuchipatala anangondigwira dzanja osalankhula.

Lamba wanga amanyowa ndi thukuta mpaka kuyera mchere, amandisupula pansi pa chibwano, ndiye ndinamukulunga ndi kansalu kofewa n'kusoka, madzulo ndimamutsuka ndi madzi. Dzulo ndasokeranso wa mnyamata wina watsopano pasiteji, mawa akubweretsa helemeti ya mchimwene wake.