Usiku umene ndinapopa nsomba

Popeza nkhaniyi yafika kale kuntchito ndi kutchalitchi itamera miyendo, ndikufuna kunena poyera kuti sindinakhwimire chuma, ndipo apongozi anga sanandipeze ndikupembedza nsomba. Anandipeza ndikuzipopa.

Munali mu June 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo usiku umenewo magetsi anazima, ku Blantyre kuli chiperoni. Mbuna zanga, tinsomba ta m'nyanja ya Malawi timene ndimaweta m'thanki yagalasi ya pabalaza, zimafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 28, koma magetsi akazima, hita, sefa ndi kapampu ka mpweya zimaima pamodzi. Madzi akaleka kugwedezeka mpweya umachepa, choncho pofika pakati pa usiku nsomba zonse zinali pamwamba, zikuyasamula ngati akwaya amene aiwala ndime yachiwiri.

Munthu wodziwa zinthu ameneyu, ndikunena ine, anachita zoyenera. Sindinazipatse chakudya, chifukwa nsomba ikadya imaipitsa madzi pamene sefa yaima. Ndinatsamiritsa mabotolo a madzi otentha pagalasi, ndinafunditsa thankiyo bulangete loyamba limene dzanja langa linakhudza mumdima, kenaka ndinalumikiza kapaipi ka mpweya ku pampu ya njinga.

Apongozi, amene anabwera kudzationa kuchokera ku Ntcheu, anatuluka m'chipinda kufunafuna bulangete lawo limene anasiya pampando. Chimene anaona ndi ichi: mkamwini wawo atagwada pansi, atavala kabudula wamkati yekha, kandulo ikuyaka pambali, akuwerama ndi kuweramuka pamaso pa chinthu chofunditsidwa chimene chinkalira kuti bwu, bwu, bwu. Choipitsitsa n'chakuti ndinkalankhula nacho. Mawu amene anamva, ndipo sindiwakana, anali akuti, "Musandifere, mwandidyera ndalama zambiri."

Tinayang'anizana nthawi yokwanira kuphika nyemba. Mwambo unkafuna kuti ndithawe ndikavale, koma nsomba zinkafuna mpweya, motero ndinayang'ana kukhoma mwaulemu, manja akupopabe. Iwo sanandilankhule. Anaitana mwana wawo ndi kumufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi bambo a kunowa anayamba liti zimenezi?"

Magetsi atabwera m'mawa ndinayamba ndatsuka siponji ya sefa m'madzi otunga m'thanki momwemo, pakuti tizilombo tothandiza ta m'sefa tikafa madzi ake amasanduka poizoni, ndipo a pampopi ali ndi klorini amene amapha totsalato. Sefayo inatulutsa fungo la mazira owola, ndipo apongozi, amene ankamwa tiyi, anagwedeza mutu monga munthu amene wapeza umboni womaliza.

Mbuna zonse zilipo. Mkazi wanga anayesa kufotokoza kuti nsombazo n'zongoonerera, koma mayi ake anayankha kuti nsomba yosadyedwa ndiyo yoopsa. Bulangetelo analisiya, ndipo pampu ya njinga mpaka lero mwini wake sanaiitanitse.