Mabelo a shuga omwe amaoneka pa kompyuta pokha

Ndimagwira ntchito ku nthambi ya makompyuta pakampani ina yomwe ili ndi masitolo akuluakulu ku Limbe, m'tauni mwa Blantyre ndi m'maboma ena akummwera kuno. Sabata yathayi ndinapatsidwa ntchito yolemba zonse zomwe sisitimu yatsopano yogulitsira ndi kuwerengera katundu iyenera kumachita, kuti omwe adzatipangire asadzalote okha. Yakaleyi inaikidwa m'nthawi ya makina otulutsa malisiti a msonkho a EFD omwe bungwe lotolera misonkho la MRA linabweretsa mu 2014, ndipo pambuyo pake bungweli linabweretsanso njira yatsopano ya EIS, yomwe malisiti amapita kwa ilo pa intaneti.

Lolemba ndinakhala ndi mabwana. Iwo akufuna kumaona pafoni malonda a tsikulo, phindu la sitolo iliyonse ndi msonkho wa VAT. Zonsezi n'zoyenera, ndipo sizinavute kulemba.

Nkhani yeniyeni ndinakaipeza Lachiwiri kunyumba yathu yosungiramo katundu ku Makata. Bambo amene amayang'anira kumeneko sanadikire n'komwe kuti ndikhale pansi. "Achimwene, kompyuta yanuyi ikuti ku Limbe kuli mabelo a shuga ambirimbiri. Imbani foni mumve ngati kuli ngakhale limodzi." Kunalibedi. Shuga amabwera m'mabelo, ndipo amalembedwa ngati mabelo. Eni maokala akabwera kudzapikula amatenga belo lathunthu, pamenepo palibe vuto. Koma anyamata akang'amba belo n'kuyala mapaketi pashelefu, sisitimu yakaleyi sidziwa kuti belolo lasanduka mapaketi. Mapaketi akamagulidwa, chiwerengero chawo chimatsika mpaka kupitirira ziro, pomwe mabelo akungokhala osachoka m'buku. Mapeto ake kompyuta siipempha shuga wina chifukwa ikuona ngati alipo, mashelefu ali mbee. Sopo, mchere ndi mafuta ophikira a m'makatoni, vuto ndi lomweli.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti tsiku lowerenga katundu likafika, mabelo osaonekawa amagwera anthu. Mlonda amafunsidwa, mnyamata wa pashelefu amakayikiridwa, pomwe palibe waba kanthu. Choncho mfundo yoyamba m'chikalata changa ndi iyi: katundu aliyense azikhala ndi muyeso wogulira ndi muyeso wogulitsira, ndipo belo likatsegulidwa, sisitimu izichotsa belo n'kuonjezera mapaketi yokha.

Lachitatu linapita ndi nkhani ya mitengo. Katundu wathu wambiri amachokera ku South Africa kudzera pachipata cha Mwanza, ndiye mtengo wake umayenda ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzathu ankagona m'sitolo akumata mitengo yatsopano, komabe wogula ankapeza mtengo wina pashelefu, wina pa tilu. Ndalemba kuti mtengo ukasintha kulikulu, uzifika m'masitolo onse asanatsegule, pamodzi ndi timapepala take ta pashelefu.

Lachinayi ndinaima kumbuyo kwa makashiya ku Limbe, nthawi ya kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Magetsi atazima jenereta inalira msanga, koma netiweki inachedwa kubwera, ndipo matilu onse anangoti zii chifukwa amadalira seva, kompyuta yaikulu ya kulikulu. Mzere unafika kumafiriji. Ena anasiya mabasiketi odzaza n'kutuluka. Mayi wina yemwe wakhalitsa pa tilu anandionetsa kope lake, momwe amalembamo pamanja nambala ya malipiro aliwonse a Airtel Money ndi TNM Mpamba, kuti madzulo zigwirizane ndi za m'makina. "Mwana wanga, wina amalipira theka pafoni, theka ndi ndalama m'manja. Makinawa amangolola njira imodzi. Ndikaweruka mochedwa, minibasi za ku Bangwe zimakhala zatha." Zimenezi sizinatchulidwe ndi aliyense pamsonkhano wa Lolemba, ndipo sindikuwada mabwanawo, poti sakhala pa tilu.

Lachisanu tinalimbana ndi abwana a zachuma. Iwo ankati gawo loti tilu izigulitsa popanda netiweki n'kudzatumiza malisiti pambuyo pake likweza mtengo wa ntchito yonse, ndiye lidikire chaka chamawa. Ndinawapempha mwaulemu kuti tichotse kaye zina mwa zokongoletsa za malipoti a pafoni, koma ichi chokha chikhale. Ndinawauza za mabasiketi osiyidwa aja, ndi kuti nyama ndi mkaka zomwe zimatsala m'menemo sizibwereranso pashelefu zili bwino. Anavomera, koma anati ndiyambe ndatsimikiza zomwe malamulo a MRA amalola pa malisiti otumizidwa mochedwa, komanso ndikamve za makashiya a ku Zomba ndi ku Mulanje chikalatachi chisanasainidwe. Galimoto yopita kumeneko andilembera kale ya Lolemba m'mawa.