Jakisoni wachinayi amene sanalembedwe m'kabuku ka kusikelo

Mwezi wa Febuluwale, madambo a kuno ku Mchinji atadzaza madzi ndipo udzudzu ukulira m'makutu usiku wonse, mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni m'bandakucha kundiuza kuti mwana wake wamwamuna, wa zaka ziwiri ndi mwezi umodzi, wagona akutentha thupi ndi kusanza. Anamutengera kuchipatala chaching'ono pa kabaza, anamubaya pachala, ndipo kachipangizo koyezera kaja kanaonetsa mizere iwiri. Anamupatsa LA, mankhwala a malungo, wa masiku atatu, ndipo pofika tsiku lachinayi mwanayo anali atayambanso kuthamangitsa nkhuku pabwalo. Nditapita kukamuona, mayi wake anandifunsa funso limene landichititsa kulemba nkhaniyi. Iye anati, “Amalume, mwanayu ndinamubayitsa katemera wa malungo katatu konse, koma onani wadwalabe. Nanga phindu lake n'chiyani?”

Ndinapempha kabuku ka kusikelo, kamene anali atakakuta ndi pepala la pulasitiki la shuga kuti kasanyowe. Pa tsamba la katemera panali masiku atatu olembedwa bwino ndi mlangizi wa zaumoyo, amene mwanayo anabayidwa ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7. Mzere wachinayi, umene unayenera kulembedwa mwanayo atakwanitsa miyezi 22, unali wopanda kanthu.

Funso la mayiyu ndi loyenera, ndipo likufunika yankho loona. Katemera amene ana athu akulandira, wotchedwa RTS,S, sateteza mwana ku malungo kotheratu, ndipo amene anamupanga sananenepo zimenezo. Ntchito yomupanga inayamba mu 1987 ku kampani ya GSK, ndipo inatenga zaka zoposa 30 chifukwa kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kamasintha maonekedwe kangapo kakalowa m'thupi la munthu. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma, umalavulira tizilombo tochepa m'thupi, ndipo timathamangira kuchiwindi kumene timabisala ndi kuswana kwa pafupifupi sabata imodzi munthu asakumva kalikonse. Kenako timatuluka tambirimbiri n'kulowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo apa ndi pamene kutentha thupi, kunjenjemera ndi kuchepa kwa magazi kumayambira. Katemerayu amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuzindikira chikuto cha kachilomboka pa kanthawi kochepa kaja kasanalowe m'chiwindi. Kachilombo kamodzi kokha kakapulumuka n'kufika kuchiwindi, kangathe kuswana n'kudwalitsa mwana, ndiye chifukwa chake mwana wobayitsidwa amathabe kudwala.

Kafukufuku wamkulu wa katemerayu anachitika kuyambira mu 2009 mpaka 2014 m'malo 11 a m'maiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malowo. Ana oposa 15,000 anatenga nawo mbali. Zimene anapeza n'zakuti mwa ana amene anayamba kulandira ali ndi miyezi ya pakati pa 5 ndi 17 ndipo anamaliza majakisoni onse anayi, matenda a malungo anachepa ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse m'zaka zinayi, ndipo malungo aakulu anachepa ndi pafupifupi 3 pa 10. Anapezanso kuti mphamvu ya katemerayu imakhala yaikulu m'chaka choyamba, kenako imanka nitsika, ndipo jakisoni wachinayi ndi amene amaidzutsanso pa msinkhu umene mwana akadali wosakhwima ku malungo. Ena amaona ziwerengero zimenezi ngati zochepa. Ine ndimaziona ndi maso a munthu amene wakhalapo pa benchi ya kuchipatala m'nyengo ya mvula, amayi atafola mpaka panja ndi ana otentha thupi kumsana, ndipo ndimadziwa tanthauzo la kuchotsapo anayi pa khumi alionse pa mzere umenewo.

Ife a ku Mchinji tili ndi chifukwa chapadera chosamalira nkhaniyi. Pa 23 Epulo 2019, Malawi inakhala dziko loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemerayu kusikelo, patsogolo pa Ghana ndi Kenya, ndipo boma lathu linali m'gulu la maboma 11 amene anasankhidwa, pamodzi ndi Karonga, Nkhata Bay, Ntchisi, Lilongwe, Balaka, Mangochi, Machinga, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Poyamba madera ena okha m'mabomawa ndiwo ankalandira, kuti ofufuza athe kuyerekeza ndi madera amene sankalandira, ndipo kumapeto kwa 2022 katemerayu anafalikira kumadera otsalawo. Umboni wochokera m'maiko atatuwa ndi umene unachititsa bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO kuvomereza katemerayu mu Okotobala 2021. Pamene ntchito yoyeserayo inkatha mu 2023, ana oposa 2 miliyoni anali atafikiridwa, ndipo imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinali zitatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Amayi a ku Cameroon amene anayamba kubayitsa ana awo mu Januwale 2024 akudya zipatso za maulendo amene amayi a kuno anayenda wapansi kupita kusikelo, ngakhale kuti ambiri mwa amayi athuwa palibe anawafotokozera zimenezi.

Nanga jakisoni wachinayi amasiyidwa bwanji? Mayi wa mwanayu si wosasamala, ndipo nditamufunsa modekha anandifotokozera zinthu zimene ndikuziona m'mabanja ambiri. Majakisoni atatu oyamba amabwera motsatizana mwana ali wakhanda, nthawi imene mayi amapita kusikelo mwezi uliwonse mosalephera. Katemera wachiwiri wa chikuku akaperekedwa pa miyezi 15, ambiri amaganiza kuti za katemera zatha. Pofika miyezi 22 mwana amakhala akuyenda yekha, akudya nsima ndi anzake, ndipo nthawi zina mayi amakhala ali ndi pakati pena kapena khanda lina kumsana. Kwa iyeyu, mwezi wa 22 unagwera mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, banja lonse lili kumunda kudzala chimanga ndi mtedza, ndipo tsiku la sikelo linadutsa iye ali ndi khasu m'manja. Mpata wa miyezi 15 pakati pa jakisoni wachitatu ndi wachinayi ndi wautali kwambiri kwa munthu amene alibe womukumbutsa. Ine ndemwe, amene ndimadzitcha mwinimbumba ndipo ndimafunsidwa za ukwati ndi za minda, ndinali ndisanatsegulepo kabuku kameneka ngakhale kamodzi.

Maganizo anga ndi akuti pofalitsa uthenga wa katemerayu tiyenera kunena zoona zonse kuyambira pachiyambi. Mayi akauzidwa kuti katemerayu “amateteza ku malungo” basi, tsiku limene mwana adzadwale adzaona ngati ananamizidwa, ndipo adzauza anzake pachitsime. Koma akauzidwa kuti katemerayu amachepetsa kudwaladwala ndi kuopsa kwa matendawo, kuti mwana ayenera kugonabe m'neti usiku uliwonse, ndiponso kuti akatentha thupi apite naye kukayezetsa tsiku lomwelo, adzamvetsa zimene zachitika ndipo adzabwerera kukamaliza.

Ofufuza nawonso sanakhale pansi. Mu Okotobala 2023 bungwe la WHO linavomereza katemera wachiwiri, R21, wopangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford ndipo amafulidwa wambiri ndi kampani ya Serum Institute ya ku India, zimene zathandiza kuti katemera asamasowe monga zinalili poyamba. Mu Julaye 2025 dziko la Switzerland linavomereza mtundu wa mankhwala ofanana ndi LA opangidwira makanda osapitirira makilogalamu 5, amene kale analibe mulingo wawowawo, ndipo Malawi inali m'gulu la maiko 8 amene anaunika nawo mankhwalawo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Dr. Terrie Taylor linagwiritsa ntchito makina ojambula ubongo n'kuonetsa mu 2015 kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo okomola aja amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa kumidzi kwathu mwana akayamba kuphupha ndi kutembenuza maso, ena amathamangirabe kwa asing'anga kapena kuyamba kuloza zala achibale, pamene maola amenewo ndi amene mwanayo akufunika jakisoni wa artesunate kuchipatala.

Chimene chikudetsa nkhawa akatswiri tsopano ndi chakuti ku Rwanda, Uganda, Tanzania ndi Eritrea kwapezeka tizilombo ta malungo timene tikuchedwa kufa ndi artemisinin, yemwe ndi msana wa LA. Ife achikulire tinaziona kale zoterezi. Tinakula tikumwa kolokwini wowawa uja mpaka anasiya kugwira ntchito, ndipo mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar, amenenso anafooka n'kulowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Mwana aliyense amene sanadwale chifukwa cha katemera ndi neti ndi mwana amene sanafunike kumwa LA, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mankhwalawa atitumikire nthawi yaitali.

Ndinafotokozera mwana wa mlongo wanga zonsezi titakhala pamkeka, mwanayo akugona pamiyendo pake. Sanayankhe zambiri, koma anandifunsa ngati sanachedwe. Tsiku la sikelo litakwana ndinawaperekeza, ndipo mlangizi wa zaumoyo, atayang'ana kabuku kaja ndi kufunsa ngati mwanayo anamaliza LA ndi kupezadi bwino, anamubaya jakisoni wachinayi n'kulemba tsikulo pa mzere umene unali wopanda kanthu. Tili pomwepo pansi pa mtengo, amayi ena awiri amene anabwera kudzayezetsa makanda awo anatsegula timabuku ta ana awo okulirapo amene anawasiya kunyumba, ndipo m'modzi anapeza kuti nayenso mzere wake wachinayi sunalembedwe. Mlangiziyo anamuuza kuti abwere naye mwezi wamawa.